Bondo Likadzapinda

Siteji ya basi ija anaigumula kalekale, pano pali malo otsukira magalimoto. Koma ngalande ija ikadalipo, ndipo mayi wina wosoka makatani akamadutsa pamenepo, mpaka lero amayenda pang'onopang'ono.

Tsiku limenelo anali akadali mtsikana, akuthamangira basi, mpukutu wa nsalu uli paphewa. Tepi yake yoyezera inapulumuka m'khosi n'kugwa.

"Asisi! Tepi yanu!"

Anali mnyamata wamtali, buluku lake lotuwa ndi simenti m'mawondo. M'malo mozungulira pa kamlatho ngati anthu anzeru, iye anafuna kudzionetsa, analumpha ngalande. Anatera mwendo umodzi, bondo linalira kuti phwa! Anagwa chagada, tepi ili m'manja.

"Mayo ine! Mwavulala?"

"Ayi, ndangoti ndipumeko pang'ono," anatero akukukuta mano.

Basi inapita, mtsikanayo anatsala. Akanamusiya bwanji munthu wothyokera tepi yake?

Kuchipatala, dokotala atajambula bondolo anawaonetsa chithunzi. "Mtsempha wa mkati mwa bondo sunaduke ayi. Wangozula kachidutswa ka fupa pamene unagwira. Sitikung'ambani bondo lonse. Tiboola timabowo tiwiri, pena tilowetsa kakamera, penapo tizipangizo. Kafupako tikabwezera pamalo pake n'kukamanga ndi ulusi wolimba."

"Ulusi?" mtsikanayo anadabwa. "Ndiye kuti ndinu telala mnzanga, adokotala."

Mnyamatayo anaseka mpaka kuiwala ululu. Kuyambira pamenepo anamutcha Katepi, ndipo iye anabwezera pomutcha Chule, poti ndiye wolumpha ngalande.

Pa opaleshoni sanamugoneke, anangomuchititsa dzanzi kuchokera m'chiuno kutsika. Atatuluka, foni ya Katepi inalira.

"Katepi wanga, ndaona mkati mwa bondo langa pa sikirini. Muli mbee ngati bafa lomwe ndayala matailosi ndekha. Ndakufunafuna m'menemo, sindinakupeze. Ndiye kuti uli mumtima basi."

"Chule iwe, mankhwala akulankhulitsa. Gona," anayankha. Koma uthengawo anauwerenga mpaka batire kutha.

Ha, masiku amenewo! Katepi akaweruka kushopu ankathamangira kukachipinda ka Chule, komwe mabokosi a matailosi otsala ndiwo anali tebulo ndi mipando yomwe. Ankamusintha bandeji n'kumaseka tizipsera tiwiri tija, tating'ono ngati mabowo a mabatani. Chule akafuna kudzuka, Katepi ankamutambasulira dzanja, iye n'kukolekera thupi lonse pamenepo.

Tsiku lina Chule sanalisiye dzanjalo.

"Mtima wanga, ntchito yanga ndi yogwada, ukudziwa. Koma bondo ili likadzapinda, ndisanagwadire tailosi ngakhale imodzi, ndidzayamba ndagwadira iwe, mphete ili m'manja."

"Usandinamize, Chule."

"Ndikunamize iwe? Ndiye ndidzayendera miyendo ya ndani?"

Katepi anabwerera kwawo akumwetulira yekha mumsewu, anthu n'kumamucheukira.

Mafizo ofewetsa bondo atayamba, Katepi ndiye anali kapitawo. Chule ankagona chafufumimba, Katepi n'kumakankha phazi pang'onopang'ono, kenako n'kuyeza ndi tepi ija mpata wotsala pakati pa chidendene ndi ntchafu. Mpatawo unkachepa sabata ndi sabata, ndipo mtsikanayo ankavina ngati wapambana mayeso. Anafika mpaka pobisa nsalu yoyera ya diresi la ukwati pansi pa makatani a makasitomala.

Kenako mpata uja unangoima.

"Kankha pang'ono, wokondedwa."

"Likuwawa, Katepi! Lauma ngati mtengo."

Dokotala anajambulanso. "Fupa lagwira bwinobwino. Bondo ili lilibe chifukwa chokanira."

Katepi anakwiya ndi dokotalayo. Kodi ululu umaoneka pa chithunzi? Mayi ake nawo sankamusiya: "Nanga mkamwini wathu wolumphalumpha uja agwada liti? Kapena tikamugulire bondo la pulasitiki?"

"Amayi, munthu akudwala. Musamaseke."

Miyezi inapita. Chule anataya ndodo, koma akamuona Katepi ankakokabe mwendo. Mauthenga anayamba kufupika. "Usabwere lero, ndapita kwa achimwene." "Ndatopa, tionana mawa." Katepi ankati ndi manyazi a mwamuna wokhala opanda ntchito, ndipo ankamukonda koposa kale.

Tsiku lina bwana wake anamutuma kukayeza mawindo a nyumba yatsopano kutsidya kwa tauni. Pakhomo panali mchenga ndi zidebe za penti. Atalowa, anamva munthu akuimba mluzu kukhitchini. Nyimbo yake anaidziwa. Inali yomwe Chule ankamuimbira Katepi akamamusintha bandeji.

Anasuzumira. Chule anali atagwada ndi mawondo onse awiri, atakhalira zidendene, akugogoda tailosi ndi kanyundo ka labala. Panalibe mpata woti tepi n'kuyeza. Kumbuyo kwake pansi ponse panali pakuwala, kuyambira pabalaza mpaka kukhonde.

"Mukufuna mmisiri wathuyu?" anafunsa wopaka penti wina. "Ameneyu ndi makina. Nyumba zonse za mzere uno wayala ndi iyeyo."

Mluzu unaduka.

"Katepi..."

"Layamba liti kupinda?"

Chule anayang'ana simenti ya m'manja mwake. "Papita nthawi."

"Ndiye ine ndikamakankha phazi lako, thukuta lili kamukamu, iwe unkaumitsa mwendo dala?"

"Unandichitira zazikulu, Katepi. Palibe munthu anandisamalirapo choncho. Koma ndinalonjeza ndili pabedi, ndili ndi mantha kuti sindidzayendanso. Nditachira ndinayamba kuona kuti... Ndinkasowa poyambira kukuuza."

Mtima wa Katepi unawawa kwambiri moti anagwira chitseko. Akanapeza mkazi wina, bwenzi ali ndi womukalipira. Koma apa panalibe wina aliyense. Panali iye, Chule, ndi bondo labwinobwino.

Komabe chikondi n'chouma mutu. Anayandikira n'kuima patsogolo pake, pa matailosi ouma.

"Chabwino. Wagwada kale, ndipo ine ndi uyu. Mphete ndilibe nayo ntchito. Nena."

Wopaka penti uja anatuluka mwakachetechete. Katepi anadikira. Anamva wailesi ya kunyumba yoyandikana, anamva madzi akudontha pampopi. Chule sanadzutse mutu.

"Dzuka," anatero Katepi pomaliza, misozi ikutsikira pa tepi ya m'khosi mwake. "Ungapweteke bondo."

Mwachizolowezi, dzanja lake linatambasuka lokha kuti limudzutse, monga linkachitira m'kachipinda kaja.

Chule anadzuka yekha, mopepuka, osagwira paliponse.