Nthanda Yakana Lichero

"Lichero? Ine ndikwere lichero?"

"Tamvera kaye, Zabibu..."

"Ndinalemba chombo, Overtoun! Chombo chachitsulo, cha mawindo, choyendera mphamvu ya dzuwa. Licheroli walitenga kuti?"

Overtoun, mtsogoleri wa gulu lawo la zisudzo, anaseka n'kuyang'ana anzake amene anakhala pamabenchi m'kaholo ka ku Chiputula.

"Wokondedwa, kuno ndi ku Mzuzu. Mwamuna akauluka, anthu amati ndi payiloti. Mkazi akauluka, amati ndi fwiti. Ine ndikungofuna sewero likome chomene."

Sewerolo linali la Zabibu. Analilemba atangomaliza Fomu 4, atakhala kuseri kwa kauntala m'shopu ya nsalu ya bambo ake, a Yunus. Anatenga nthano yakwawo kummwera, yoti Mwezi uli ndi akazi awiri. Nthanda yamadzulo imaudyetsa mpaka unenepe. Nthanda yam'mawa imaumana chakudya mpaka uwonde n'kutheratu.

Nthanoyi inkamuwawa Zabibu kuyambira ali mwana. Ndani anapita kukamva mbali ya mkazi wam'mawayo? Ndani anamufunsa? Choncho m'sewero lake, Nthanda yam'mawa inatopa ndi kunenedwa, inakhoma chombo chake, inavala thalauza, n'kupita kukafuna dziko lina kuseri kwa nyenyezi.

Koma lero Overtoun anali atatembenuza zonse. Mkazi wam'mawa akhale mfiti, agwe palichero, agwade, apepese. Mwezi akhale Overtoun mwiniwake. Mkazi wamadzulo akhale Daisy, mwana wa bwana wina wa m'boma amene anali atangosamukira ku Geisha kuchokera ku Lilongwe.

"Nanga thalauza langa?" anafunsa Zabibu.

"Lamulo loletsa akazi kuvala thalauza alichotsa, inde, koma maso a anthu sanawachotse. Uvala chitenje chakuda."

Zabibu anatola kachikwama kake kuti azipita. Overtoun anamuthamangira pakhomo n'kumugwira chala chaching'ono, monga ankachitira nthawi zonse.

"Nthanda yanga, usakwiye. Gawo lovuta ndakupatsa iwe chifukwa palibenso angalithe. Pasiteji ndidzakukana, koma mumtima muno muli iwe wekha."

Mtima wa mtsikana! Mkwiyo wonse unasungunuka ngati shuga m'tiyi.

Akanakana bwanji? Si Overtoun yemweyu amene anamupeza kudepoti ya mabasi, mvula yowaza ikumunyowetsera belo la nsalu, n'kumufunditsa jekete lake? "Monile, dona. Nsalu zinyowe, koma nkhope iyi ayi." Kuyambira tsiku limenelo, m'mawa uliwonse ankamudikira pamphambano ya ku Mzilawaingwe n'kumuperekeza kushopu, nkhungu ili mbuu. Madzulo sankaonana, poti a Yunus sankalola mwana wamkazi kukhala panja dzuwa likalowa.

Ndipo malonjezo ake! "Nthanda yanga, ndidzakukonda mpaka Mwezi udzagwere mu Lunyangwa." Zabibu ankati akadutsa pamtsinjewo, ankamwetulira yekha ngati wamisala.

Sabata yomweyo, bambo ake anamutuma kukasiya nsalu kwa kasitomala ku Geisha. Kasitomalayo anachedwa kusankha, ndipo Zabibu anabwerera dzuwa litafiira. Anafulumira, akuopa kukalipiridwa. Atafika pamitengo ya bulugamu, anamva kuseka kumene ankakudziwa bwino.

Overtoun anali atakhala pachitsa. Daisy anali pambali pake, atanyamula tchipisi m'pepala, akumudyetsa ndi dzanja lake.

"Yasamula, Mwezi wanga, unenepe," anatero Daisy.

"Yewo chomene, Nthanda yanga. Ndidzakukonda mpaka Mwezi udzagwere mu Lunyangwa."

Zabibu anabisala kuseri kwa mtengo. Mawu omwewo! Mtsinje womwewo! Munthu amene anasintha sewero lonse analephera kusintha chiganizo chimodzi?

Apo m'pamene anamvetsa. Iye anali wam'mawa, Daisy wamadzulo. Nthano imene ankadana nayo ija, Overtoun anamulowetsamo ali maso.

Analira njira yonse. Koma pofika pakhomo misozi inali itauma, ndipo m'chifuwa munatsala kanthu kolimba ngati mwala.

Mawa lake Zabibu anamukokera pambali Jasper, woimba ng'oma wa gululo.

"Jasper, unkadziwa?"

Jasper anakanda mutu. "Asisi, dziko lonse lavotera matipate. Ndiye Overtoun naye... wangotsatira ambiri."

"Daisy akudziwa za ine?"

"Anamuuza kuti ndinu mlembi chabe."

Mlembi chabe! Zabibu sanaseke, sanalirenso. Anapita molunjika kwa Overtoun, namwetulira mokoma.

"Wokondedwa, ndaganiza bwino. Lichero lija ndikwera."

"Waona? N'chifukwa chake ndimakukonda! Mkazi womva."

Masana amenewo Zabibu anatenga nsalu yotsala yonyezimira ngati siliva, ya madiresi aukwati, n'kupita nayo kwa telala wapakhonde la shopu. Telalayo atamva chimene ankafuna, anavula magalasi n'kuwavalanso, koma anasoka.

Loweruka masana holo inadzaza. Amayi amumsika, anyamata a matipate okweza zala ziwiri m'mwamba, ana mpaka m'mawindo. Overtoun anatuluka atafunda nsalu yoyera, nkhope atapaka ufa. Daisy anagwada n'kumupatsa mbale ya mbatata, anthu n'kuwomba m'manja.

Kenaka ng'oma inasintha. Zabibu analowa atakhala palichero, anyamata awiri akumukoka ndi chingwe. Anagubuduzika pansi monga anaphunzitsidwira.

"Fwiti! Fwiti yagwa!" anakuwa ana.

Overtoun anatukula chifuwa. "Mkazi woipa iwe! Wandimana chakudya, wandiwondetsa, ndipo usiku umauluka. Gwada upepese!"

Zabibu anadzuka pang'onopang'ono. Sanagwade. Anamasula chitenje chakuda chija n'kuchiponya kumapazi a Mwezi.

Thalauza lasiliva linang'anima.

Ng'oma ya Jasper inaima pakati. Kenaka mayi wina kumbuyo anaimba nthungululu, wina n'kulandira.

"Zabibu, si zimenezo!" ananong'ona Overtoun.

Zabibu anamudutsa ngati chitsa n'kukaima pamaso pa Daisy.

"Mkazi mnzanga," anatero mokweza, "mwamuna wathuyu amakuuza chiyani madzulo?"

Daisy anayang'ana uku ndi uku. Mawu amenewa sanali m'sewero.

"Ndikuthandize? Amakugwira chala chaching'ono. Amati, 'Nthanda yanga, ndidzakukonda mpaka Mwezi udzagwere mu Lunyangwa.'"

Daisy anamuyang'anitsitsa. "Wadziwa bwanji?"

"Ine amandiuza m'mawa."

Anthu anaseka, akuyesa ndi sewero. Koma ataona misozi yeniyeni m'maso mwa Daisy, kuseka kunasanduka phokoso.

"Overtoun, n'zoona?" anafunsa Daisy, dzina la Mwezi ataliiwala.

"Daisy, wokondedwa, tikambirana kuseri..."

"Yankha pompano, mphwanga!" anakuwa bambo wina. "Masiku obisa anatha!"

Daisy anamulanda Overtoun mbale ija, namukhuthulira mbatata zonse pamutu n'kutsika pasiteji akulira.

Zabibu anatembenukira kwa anthu.

"Anatinamiza, amayi. Akuti Mwezi umawonda chifukwa mkazi wam'mawa ndi wouma mtima. Bodza! Umawonda ndi kuyendayenda, uku m'mawa, uku madzulo. Ukatopa, mlandu n'kukhala wa mkazi."

Anatola lichero n'kulikweza m'mwamba.

"Ichi n'chopetera mpunga. Ine chombo changa ndinakhoma ndekha, ndipo mulibe mpando wa Mwezi."

Analiika m'manja mwa Overtoun, natsika, nadutsa pakati pa holo mutu uli m'mwamba. Nthungululu zinamuperekeza mpaka pakhomo.

Panja kunali mvula yowaza, yofanana ndi ya kudepoti ija. Zabibu anaima pamvulapo. Wapambana, inde. Nanga bwanji m'chifuwa mukupweteka chonchi?

Anamva mapazi kumbuyo. Overtoun anafika akupuma mwawefuwefu, ufa ukutsetsereka m'masaya, lichero likadali m'manja.

"Nthanda yanga..."

"Dzina langa ndi Zabibu."

"Wandivula pagulu! Chiputula yense! Gulu latha, Daisy wapita. Ndiyenda bwanji m'tauni muno?"

"Yenda usiku. Si ndiwe Mwezi?"

"Ndalakwa, ndavomera. Sewero ndilibweza mmene linalili. Chombo, thalauza, dzina lako pachikwangwani, zonse! Tangondiuza, ukufuna chiyani?"

Anatambasula dzanja kuti amugwire chala chija. Zabibu anachipinda m'chibakera.

"Poyamba ndinkafuna kanthu kakang'ono, Overtoun. Ndinkafuna tsiku lina udzabwere kwathu madzulo, udzagogode, udzalonjere bambo anga. Basi. Ndinkati ukuopa a Yunus, osadziwa kuti madzulo ako ali ndi mwini."

"Ndibwera! Lero lomwe ndibwera!"

"Usavutike. Pano ndikufuna china."

"Nena, chilichonse."

Zabibu anamuyang'ana m'maso, misozi ikusakanikirana ndi mvula, koma mawu ake sananjenjemere.

"Ndikufuna uwonde. M'mawa uliwonse uziima pamphambano paja, ine ndizikudutsa ndi thalauza langa osakupatsa ngakhale moni. Uwonde, Overtoun, uwonde mpaka utheretu. Ndipo anthu akadzafunsa kuti wakumana chakudya ndani, ulendo uno usaname. Udzanene kuti ndine."