Nthudza za Kuseri kwa Bafa

"Ndiwe wandidwalitsira mwana, iwe Thokozire, ndi zipatso zako zakutchirezi!"

Amake Favour anali ataima pakati pa poloti, chala chili pamphuno pa mtsikanayo. Mwana wawo Favour anali atagonekedwa kuchipatala, akutsekula m'mimba. Anthu onse a lendi pa poloti ija ya ku Chinsapo anatuluka kudzaonerera.

Chitsamba cha nthudzacho Thokozire anachitenga kwawo ku Dedza chili kakang'ono ngati chala. Anachidzala kuseri kwa bafa, n'kumachithirira madzi otsukira mbale. Chitayamba kubereka, ana a pamalopo anawaphunzitsa yekha kadyedwe kake: kuthyola zakupsa za m'nthambi, kuzitsuka, kenako kuzifikisa m'manja mpaka zifewe, apo ndiye zimatsekemera.

Tsopano a Greyson, eni poloti, ankabwera ndi chikwanje. Anati milandu ya zitsamba sakuifuna, kuno n'kutauni.

Thokozire anawaimirira kutsogolo. Anawapempha kuti asanadule, onse apite kaye akaone pansi pa chitsambacho.

Fungo ndi lomwe linawalandira. Ntchentche zobiriwira zinali ng'waa pa matewera otayidwa, dothi lili chinyezi ndi zam'chidebe cha usiku. Nthudza zakugwa zinali mbwee momwemo. A Greyson anagwira mphuno, wina kumbuyo n'kulavula.

Thokozire anafotokoza zomwe ankadziwa. M'mawa uliwonse ankaona chidebe chobiriwira chikukhuthulidwa pamenepo, ndipo atadandaula anauzidwa kuti mwana saweruza akulu. Dzulo anapeza Favour, yemwe nthambi sazifikira, akutola zapansizo. Anamulanda, koma zina anali atameza kale.

Panalibe amene anafunsa kuti chidebe chobiriwira n'cha yani. Khanda lovala matewera pa poloti ponse linali limodzi, mng'ono wake wa Favour, ndipo linali kumsana kwa amake pomwepo.

A Greyson anatsamiritsa chikwanje kukhoma la bafa.

Amake Favour anayamba kung'ung'udza kuti kuchimbudzi m'mawa kumakhala mzere, munthu sangaime ndi chidebe anthu akumuona.

"Ndiye manyazi anuwo mumadzawataya pamene ana amadyera?" anatero Thokozire. "Mwanditukwana pagulu, Amayi, ndiye mundiyankhenso pagulu pompano. Chagoneka Favour kuchipatala n'chiyani, chitsamba changa kapena chidebe chanu?"