Mndandanda wa Kalembera

Pabenchi la kunja kwa khoti, Kalembera ankapukutira manja pasiketi yake ya sukulu, koma thukuta silinkatha. Dzinali anam'patsa ndi anzake a fomu 3 chifukwa cholemba mokongola, ndipo luso lomwelo ndi limene linam'fikitsa pamenepa.

Amayi ake anali atagona m'chitokosi masiku khumi ndi awiri. Ankawazenga mlandu wotsogolera chipolowe, chonsecho iwo ndi anzawo anangokhala pansi pamsewu wopita kumgodi, atayika patsogolo zidebe za madzi achikasu a pamjigo wawo.

Wapolisi wozenga mlanduwo anatulukira, loya wa kampani ya mgodi ali pambuyo pake. Anatambasula pepala la fotokope.

"Mwanawe, unalemba izi ndiwe?"

"Ndine, bwana."

"Basi. Ukalowa ungonena kuti mayina makumi atatuwa ndi a anthu amene anatseka msewu. Ife tikufuna gulu lonse, osati mayi mmodzi. Ukatero, amayi ako akagona kunyumba lero."

Wapolisiyo atachoka, amalume a Kalembera, omwe ankayendetsa lole ya kumgodi komweko, anam'sendera. "Wamva? Usalimbane ndi mtunda wopanda madzi. Anthu enawo ali ndi abale awo owalirira."

M'khoti munali motentha, fani ya kudenga itangoti zii. Amayi a Kalembera anaima m'kabokosi ka oimbidwa mlandu atavala masilipasi osiyana mitundu, milomo itauma. Kalembera atawaona, mtima unati tiyeni tingovomera. Analumbira kuti anena zoona.

"Uza khoti," anatero wapolisi uja, "kodi awa ndiwo anatseka msewu?"

Kalembera anayang'ana pepalalo. Dzina lililonse ankalidziwa, ndi khomo limene analilembera lomwe.

"Ayi, bwana."

"Wati chiyani?"

"Fotokopeyi yadula mutu wa pepala. Pamwamba ndinalemba kuti 'Amene atuluka zilonda chifukwa cha madzi.' Anandipempha ndi anamwino a pachipatala."

"Yankha zimene wafunsidwa!"

"Musiyeni amalize," anatero woweruza, mayi wa magalasi amene mpaka nthawi imeneyo ankangolemba osadzutsa mutu.

Kalembera anapitiriza. "Nambala seveni ndi mwana wa atelala. Ali ndi chaka chimodzi ndi miyezi iwiri. Nambala naintini ndi agogo ogulitsa mphasa. Tinawaika m'manda kutatsala sabata kuti anthu apite kumsewuko."

"Ndiye kuti mzimu wawo ndiwo unatseka msewu!" anafuula wina kumbuyo. Anthu anaseka pang'ono. Loya wa kampani anayamba kufunafuna chinachake m'chikwama chake.

Woweruza anavula magalasi. "Pepala lenilenilo lili kuti?"

"Tilifufuza, bwana," anayankha wapolisiyo chamumtima.

"Lifike pano Lachinayi, pamodzi ndi amene anapanga fotokopeyi. Mpaka tsikulo, woimbidwa mlandu abwerere kumene akusungidwa."

Lachinayi! Kalembera anacheuka. Amalume ake anatuluka osam'yang'ana n'komwe.

Apolisi akudutsa ndi amayi ake pakhonde, Kalembera anawathamangira misozi ili chuchuchu.

"Amayi, pepani. Anati ndikavomera mutuluka lero. Ndakubwezerani m'chitokosi ndine."

Amayiwo anakweza manja onse awiri, poti anali mu unyolo, nam'pukuta kumaso.

"Leka kulira, anthu akuona. Ukanati unditulutse polowetsa anthu makumi atatu, mawa kumjigo ndikanapereka moni kwa ndani?"