Diresi Limodzi, Akwati Asanu

M'nyumba ya mayi ena, atelala, munkamveka makina osokera ndi nyimbo zakutchalitchi basi. Analera ana awo ndi singano, osabapo ngakhale kachigamba ka kasitomala. Mwana wawo wotsiriza, yemwe onse ankangomuti Mzime, ndiye ankajambula zovala n'kuzitsatsa pa intaneti, ogula n'kumalipira pa foni.

"Mwanawe, usamatsatse chimene tilibe," mayi ankatero. "Ogulawo sationa, koma Mulungu alibe ng'ala."

Tsoka linabwera ndi mnzake wa Mzime, wokonza tsitsi, wa pakamwa potsekemera. Ataona diresi laukwati limene mayi anasokera mwana wa aneba, anaseka.

"Iwe ndiwe wogona eti? Lijambule, uligulitse kwa aliyense. Akatumiza ndalama, uwabuloke. Akakupeza kuti?"

Mzime anameza zimenezo. Anagula nambala ina n'kutsegula tsamba la dzina labodza. Diresi limodzi analigulitsa kwa akwati asanu, mwiniwake atalitenga kale. Thukuta la eni ake linathera pa mawigi ndi nsapato zazitali. Mayi atafunsa kumene ankazitenga, anawakalipira: "Inu za foni mumazidziwa? Tazisokani uko!" Mwana wopanda manyazi, kuyankha chonchi amene anamubereka!

Koma pojambula paja anaiwala galasi loyesera zovala lomwe linali kumbuyo kwa diresilo. Mkwati wina, ataona kuti ukwati wayandikira diresi osafika, anakulitsa chithunzicho ndi zala. M'galasimo munkaoneka mayi atawerama pa makina, tepi ili m'khosi. Mkwatiyo anamwaza chithunzicho m'magulu onse a pa intaneti, ndipo anthu anawazindikira mayiwo.

Akwatiwo anafika akutukwana, ali ndi azakhali awo ndi wapolisi.

"Ndi amenewa! Mbava yoimba kwaya!"

Wapolisiyo anawatulutsa mayi m'nyumba. Mzime anali kuseri kwa chitseko, akumva zonse, koma sanatuluke mpaka galimoto ya apolisi inanyamuka ndi mayi ake. Anakaulula kupolisi mawa lake, mayi n'kutulutsidwa, koma madzi anali atatayika kale. Makina anagulitsidwa kuti akwati abwezeredwe zawo, ndipo makasitomala anabwera kudzatenga nsalu zawo zosasoka.

Mzime anagwada akulira, koma mayi sanamuyang'ane.

"Ukanaba makina, ndikanagula ena. Wagulitsa nkhope yanga. Ndikaigula kuti?"

Achinyamata inu, musadzinamize kuti foni imabisa wakuba. Tchimo limaululika ndithu, ndipo likamaluma limayambira amene amakukondani.