Madontho Asanu M'thanki ya Lawson

Olipa anakumana ndi Lawson pa siteji ya minibasi pa Chongwe, mnyamatayo atafukata chidebe ngati khanda. M'chidebemo munali timatumba ta madzi, m'timatumbamo tinsomba tachikasu ndi tabuluu. Olipa, mphunzitsi wa ku Chalimbana amene nsomba ankazidziwira m'poto basi, anafunsa ngati zimadyedwa. Lawson anaseka mpaka kondakitala kutembenuka. Anati ndi nsomba za m'nyanja yamchere, ndipo m'Chongwe yense woziweta anali iye yekha.

Lawson anali wa pakamwa potsekemera. Isanathe miyezi itatu, Olipa anali atasanduka "mtima wanga" ndi "shuga wa m'tiyi wanga." Zina zinali zachibwana, koma ndani amakana kutchedwa shuga? Olipa anamukonda ndi mtima wonse.

Kenako nsomba zisanu ndi imodzi zinatuluka timawanga toyera. Lawson anazipatula m'kathanki kakang'ono kamene ankakatcha chipatala, n'kugula mankhwala abuluu okhala ndi mkuwa. Sabata yomweyo akuntchito anamutuma ku Ndola kwa milungu iwiri. Anamusiyira Olipa kiyi wa nyumba, n'kumulangiza kuti azithira madontho asanu pa tsiku, osapitirira, chifukwa mankhwalawo akachuluka amapha.

"Ukanisungila izi nsomba, nikabwela chabe nizatuma ankhoswe kwanu," anatero atamugwira manja onse awiri.

Olipa sanaitenge mwamasewera ntchitoyo. M'mawa uliwonse asanapite kusukulu ankadutsira kumeneko, n'kuwerenga madonthowo mokweza ngati ali m'kalasi. Tsiku lachinayi anapeza yachikasu itagona chagada. Mawa lake inafa ina.

Anayeza mchere monga anamuphunzitsira, unali bwino. Anaganiza za kuzima kwa magetsi, koma pampu ya mpweya inkayendera sola. Anasiya ngakhale kudzola mafuta m'manja. Nsomba zinkangofabe, ndipo timawanga tija tinali titatha kale. Nanga chinkazipha n'chiyani?

Pa foni Lawson anayamba kuzizira. Anati mkazi wolephera kusunga nsomba sangasunge nyumba, ndipo nkhani ya ankhoswe iyambe yaima. Olipa analira, n'kupepesa pa mlandu umene sankaudziwa. Komabe meseji ya tsiku ndi tsiku inkabwera ndithu: "Mtima wanga, wathira mankhwala?"

Lachisanu, kutatsala nsomba imodzi, Olipa anaweruka msanga kuti akasinthe madzi. Anapeza chitseko chili chotsegula. Pafupi ndi kathanki kaja panaima mtsikana wa yunifolomu yaunesi, botolo labuluu lili m'manja, akuwerenga chapansipansi.

"Atatu, anayi, asanu."

Atatembenuka anamwetulira mwaulemu, n'kufunsa ngati Olipa anali mlongo wake wa ba Lawson. Mtsikanayo anati iyeyo ndi Clarissa, chibwenzi chawo, ndipo kiyi anali naye kuyambira chaka chatha. Ankabwera masana aliwonse akaweruka kuchipatala. Nsomba zakufa sanazionepo chifukwa Olipa ankazitaya m'mawa, ndipo atafunsa za kuchepa kwake Lawson anamuuza kuti asadandaule, mnzake wina akuzisamutsa. Olipa anamuonetsa kiyi wake, n'kumuuza kuti nayenso ndi chibwenzi cha Lawson ndipo amathira mankhwala omwewo.

"Imwe muthira m'mawa?" anafunsa Clarissa.

"Madontho asanu," anayankha Olipa.

Anthu ophunzira awiri sanavutike kuwonkhetsa. Lawson anapempha aliyense payekha, poganiza kuti wina akaiwala wina akumbukira, ndipo sanayembekezere kuti onse awiri angakhale okhulupirika chotero. Ndiye kuti nsomba yoyamba itangofa iye anadziwa chifukwa chake. Koma kuletsa mmodzi kukanafuna kufotokoza, choncho anasankha kuti nsomba zife ndipo Olipa asenze mlandu.

Chimenechi n'chimene chinamupweteka Olipa koposa chibwenzi chachiwiricho. Sabata yathunthu anali akudziyang'ana m'manja ngati mfiti, munthu wodziwa zoona akumumva akulira pa foni.

Clarissa anakhala pansi n'kuyamba kusisima. Olipa sanalire. Anatunga madzi oyera amchere m'chidebe, n'kuikamo kansomba kotsala kaja, kakupuma movutikira.

Nthawi yomweyo mafoni awiri analira limodzi, ina pa tebulo, ina m'chikwama. Funso linali lomwe lija, mawu ake osasintha ngakhale limodzi. Olipa anapukuta manja pa chitenje chake n'kulemba yankho lalifupi.

"Inde ba Lawson, tathira. Tonse awiri."