Fulashi ya Vitus

Stelia anakumana ndi Vitus pamalo okwerera minibasi ku Mchinji Boma, tsiku limene ankachokera ku Lilongwe atafukata kompyuta yake yoyamba m'chitenje ngati khanda. Mnyamatayo anamuthandiza kuitsitsa, n'kunena kuti ntchito yake ndi yokonza makompyuta, kuno ndi ku Chipata komwe. Anali wa mawu ofewa, pakhosi pakulendewera fulashi yakuda, kachipangizo kosungiramo zinthu za pakompyuta. Pofika pakashopu ka Stelia kotaipiramo anthu mapepala, nambala ya foni anali atatenga kale.

Mameseji anayamba tsiku lomwelo. "Duwa langa, wadya? Mtima wanga ndausiya kushopu kwakoko, usunge." Stelia ankawawerenga mobwereza mpaka batire kutha.

Kunena zoona, kutaipa mtsikanayu ankatha, koma za mavayirasi ankangomva. Iye ankayesa amabwera ndi fumbi ngati chimfine, ndiye poweruka ankafunditsa kompyutayo chitenje. Lamulo lanzeru anapatsidwa ndi msuweni wake Anasi, wogwira ntchito ku ofesi ya bungwe lina la zaulimi: fulashi ya munthu wina isalowemo. Anasi ankamukakamizanso kuti aike Linux, pulogalamu yoyendetsera kompyuta, m'malo mwa Windows, poti mavayirasi ambiri oyenda m'mafulashi sagwira m'menemo.

Anasi ankadziwa chimene ankaderera nkhawa. M'kompyutamo munali zithunzi za malemu mayi ake a Stelia. Zapapepala zinavunda ndi mvula denga litasasuka kumudzi ku Mavwere, ndipo zinatsala n'zokhazo zimene Stelia anali atalowetsa m'makinamo.

Vitus atamva za Linux anaseka.

"Zovutazo uzitani, wapamtima? Antivayirasi wako ndine. Ndikadzakukwatira palibe kachilombo kadzakuyandikire."

Anavula fulashi ija, akuti munali mankhwala amphamvu a ku Lusaka, ailowetse m'kompyuta n'kuisiya momwemo agwire bwino ntchito. Kodi mwamuna amene walonjeza kukaonekera kwa amalume ako angakhalenso munthu wina? Stelia anamulola.

M'mawa mwake kompyuta inadzuka ndi misala. Ukadina apa ikutsegula apo, kenako phee. Foda yolembedwa kuti AMAYI panalibe.

Stelia anaizimitsa kompyutayo, n'kuiyatsanso, n'kuizimitsanso. Anatsinzina kuti aone nkhope ya mayi ake mumtima, ndipo apa mpamene mantha anamugwira zenizeni. Duku analikumbukira, mpata wa mano anaukumbukira, koma maso sankabwera. Ndiye kuti mayi ake amwalirenso kachiwiri, iye yemwe atawatsegulira khomo?

Foni ya Vitus sinkapezeka. Masana ndi pamene inalowa meseji: ali ku Chipata kogula zipangizo, duwa lake lisalire, akabwera adzangofufuta zonse n'kuikamo Windows mwatsopano. Kufufuta zonse! Stelia anatseka shopu n'kuthamangira kwa Anasi, nsapato zili kumanja.

Anasi sanamukalipire, ndipo zimenezo zinamupweteka kuposa kukalipa. Anangotenga sidi yake ya Linux n'kumutsatira. M'njira anamuuza kuti mavayirasi oterewa nthawi zambiri safufuta, amangobisa, ndipo kompyuta ikayakira pa sidiyo zobisikazo zimaonekera. Koma sanalonjeze kanthu.

Sidi inkazungulira ngati sikufuna. Stelia anali ataluma nsonga ya chitenje, akupemphera osatulutsa mawu. Sikirini inada, inawala, n'kudanso.

"Usayang'ane pansi," anatero Anasi. "Taona apa."

Foda ija inalipo. Anasi atadina, mayi ake anatulukira ataima m'munda wa mtedza, akuseka, maso ali gwa pa mwana wawo. Stelia analira mokweza moti wosoka nsapato pakhonde anasuzumira.

Atasungira zithunzizo pa sidi ina, Anasi anati aone chimene chinabweretsa matendawa, n'kutsegula fulashi ya Vitus. Mankhwala a ku Lusaka munalibe. Munali vayirasi yomweyo, ndi foda ina imene vayirasiyo inabisa kalekale, moti mwini wake, katswiri wathu uja, ayenera kuti ankayesa inafufutika.

Chithunzi choyamba m'fodamo chinali cha Vitus pakhomo la tchalitchi, ali mu suti, mkono uli m'chiuno mwa mkazi wovala velo. M'chachiwiri anali atanyamula khanda, mkazi yemweyo atatsamira paphewa pake. Malaya amene anavala m'menemo anali abuluu aja Stelia anamupatsa pa Khirisimasi.

Stelia sanalirenso, misozi inali itathera kwa mayi ake. Anangouza Anasi kuti aikemo Linux ija lero lomwe.

Vitus anatulukira mawa lake atanyamula maapozi m'jumbo, kumwetulira kuli mpaka m'makutu.

"Duwa langa, ndabwera. Mavuto ako atha."

Stelia anatembenuza sikirini kuti aone bwino velo lija.

"Mayi anga ndawapeza, a Vitus. Akazi anunso ndawapeza."

Anamupatsira fulashiyo ataigwira kunsonga kwa chingwe. Vitus anayasama, ndipo anatuluka chobwerera m'mbuyo.

Asanafike n'kumsika komwe, foni ya Stelia inalira. Mtima unagunda monga unkachitira kale, pakuti mtima sumva msanga. Koma meseji ya Vitus imeneyo anaifufuta osaiwerenga. Anakoka mpando, n'kutsegula chithunzi cha m'munda wa mtedza, ndipo anakhala pamenepo akuloweza maso a mayi ake.