Kansomba M'kapu ya Injiniya

Kansomba koyamba anakapeza m'kapu yake ya tiyi. Kanali kakang'ono kosaposa chala, kopakika matope, ndipo kanali kakuphiriphithabe. Chipinda choyang'anira makina a magetsi chinali pansanjika yachitatu, mawindo ake osatseguka, ndipo mtsinje unali kutali pansi, kuseri kwa khoma la damu. Bamboyo, amene anthu ankamutcha Injiniya ngakhale ntchito yake inali yongotsegula ndi kutseka zitseko za madzi, anasuzumira pansi pa tebulo, nayang'ana kudenga, kenako anaseka kuseka kwa pakamwa pokha. Anati ndi zibwana za anzake ogwira masana, ndipo anakataya m'bini.

Ntchito yake inkayenda motere. Madzulo, anthu akayatsa mbaula ndi mawailesi m'nyumba zawo, iye ankatsegula zitseko kuti makina azungulire mwamphamvu, ndipo mtsinje unkadzaza mpaka kukwera pamchenga wa m'mbali. Ikakwana teni koloko, anthu atagona, ankatseka. Lamulo linali lakuti pa nyengo imene nsomba zaswana azitseka pang'onopang'ono kwa maola awiri, kuti tiana ta nsomba timene takwera ndi madzi kukadya posaya titsike nawo bwinobwino. Vuto linali limodzi: basi ya antchito inkanyamuka hafu pasiti teni, ndipo woiphonya ankagona pabenchi, udzudzu ukumuimbira.

Mkulu wake, msodzi amene anasiya ntchito chifukwa cha msana, anali atabwera kudzamupempha masiku angapo m'mbuyomo.

"Masabata atatu okha, mng'ono wanga," anatero mkuluyo. "Chaka chino nsomba zaikira malo amodzi basi, pamchenga wa pansi pa mlatho. Tianato tikakula tipita kwakuya tokha. Chaka chatha ndinkatitola ndi ndowa madzi akathawa, koma pano thupi likundikana."

"Achimwene, zimenezo zisiyeni m'manja mwanga. Inu kagoneni tulo."

Lonjezolo analisunga masiku awiri. Tsiku lachitatu kunagwa mvula ya mphepo, benchi inali yozizira, ndipo anatseka zitseko zonse m'mphindi zisanu nathamangira basi. Palibe anamuona, palibe anamufunsa. Mawa lake anachitanso chimodzimodzi, ndipo mkuja wake ndi pamene anapeza kansomba kaja.

Usiku wotsatira anapeza tinsomba titatu, titandandalika bwinobwino pamwamba pa mabatani otsekera madzi, mitu yonse italoza kumpando wake. Pansi panali mzere wonyowa wochokera pakhomo, wonunkha matope a kumtsinje. Anaitana mlonda wa pageti.

Mlonda anayang'ana tinsombato, navula chipewa, nalankhula monong'ona. "Bwana, ndikanati mwayamba geni ya nsomba, koma izi sizosekera ayi. Kuno sikunakwere munthu, makiyi ali m'thumba mwangamu."

"Ndiye tabwera touluka?"

"Ine sindidziwa. Koma ochapa kumtsinje akuti mbalame zasiya kutera pansi pa mlatho. Ena akuti usiku pamamveka ngati pali anthu ambirimbiri akuwomba m'manja, koma ukawalitsa tochi, palibe munthu."

Injiniya anamuthamangitsa, nati ukalamba wamulowa m'mutu. Teni itakwana anatseka mwachangu monga mwa chizolowezi chake chatsopano. Makina atatsitsa mawu, chipinda chonse chili zii, anamva chinthu chija. Chinayamba pansipansi ngati mvula yowaza padenga la malata, kenako chinakula, phaphapha, phaphapha, tinthu tambirimbiri tonyowa tikudzimenyetsa pamatope. Mlatho unali mtunda wa ola lathunthu kuchokera pamenepo, koma phokosolo linkatuluka m'makoma, m'mapaipi, ngakhale pansi pa mpando wake.

Apa ndi pamene munthu wanzeru akanabwerera. Akanatsegulako pang'ono, madzi n'kubwerera pamchenga, ndipo tambiri tikanapulumuka. Iye anakweza wailesi, navala jekete, nakakwera basi. Ndikanena zimenezi mtima umandiwawa, chifukwa sanali munthu woipa. Anali munthu wokonda bedi lake.

Zinapitirira masiku khumi ndi awiri. Tinsomba ankatipeza m'nsapato, m'thumba la jekete, ndipo tsiku lina pansi pa pilo kunyumba kwake. Toyambato tinkabwera tamoyo, koma tam'masiku otsiriza tinkabwera touma, maso atalowa m'kati. Phokoso nalo linkachepa usiku ndi usiku, ndipo iye, mwa kupusa kwake, ankati zinthu zayamba kukhala bwino. Chakudya chinamukana, pakhosi pankamuuma ngakhale amwe madzi ochuluka bwanji, ndipo adokotala atamupima sanapeze kanthu.

Pomaliza mantha anasanduka mkwiyo. Anaganiza kuti mkulu wake wagwirizana ndi mlonda kuti amuchititse manyazi. Lamlungu m'mawa anapita kwa mkuluyo mtima uli m'mwamba, mawu aukali atawakonza kale.

Mlamu wake, mkazi wa mkuluyo, anamuchingamira pakhonde, namugwira mkono.

"Alamu, tsitsani mawu," ananong'ona. "Achimwene anu sanadzuke pamphasa chibwerere kwanu kuja. Miyendo inafa tsiku lomwelo. Tinakutumizirani uthenga kawiri, inu osayankha."

Zoona, uthengawo anauona, koma sanautsegule poopa kuti akumufunsa za madzi.

"Ndiye kumlatho sanapiteko?"

"Apita bwanji? Ndinapitako ndine, dzana. Mchenga wonse uli mbee, alamu, fungo lake losayandikika. Sindinawauze. Inunso musawauze, ndapota nanu. Chimene chikuwadyetsa phala ndi tinsomba timeneto."

M'chipinda munali kamdima ndi fungo la mankhwala opaka. Mkuluyo anali atatha thupi, koma ataona mng'ono wake nkhope inawala.

"Injiniya wathu! Taona mmene waondera, ndi benchi ija eti? Pepa mwana wa amayi, ndakugoneka ndi udzudzu." Anafunafuna dzanja lake naligwira. "Usiku ndikagona pano ndimamvetsera mtsinje, ndimati mng'ono wanga ali maso, akutsitsa pang'onopang'ono. Ndiye ndimagona. Atsala masiku anayi okha, upirire."

Injiniya anatsegula pakamwa, koma mlamu wake anali pakhomo akumuyang'ana. Injiniyayo anangogwedeza mutu movomereza.

Usiku umenewo anatseka monga mwa lamulo, maola awiri athunthu, dzanja lili pabatani, basi ikuliza hutala mpaka kunyamuka. Anatchera khutu. Makoma anali chete, mapaipi chete. M'kapu munali tiyi yekha. Anabwereka tochi kwa mlonda nayenda wapansi ola lonse mpaka kumlatho, natsika pamchenga, nagwada m'mphepete mwa madzi. Madzi anali atatsika mwaulemu ndithu, osasiya chithaphwi ngakhale chimodzi. Anawalitsa uku ndi uku, naviika dzanja, nasanthula m'maudzu, kufuna kansomba kamodzi kokha kamoyo. Munalibe kanthu. Anakhala pomwepo mpaka tochi inazima, akupempha kuti phokoso lija libwerenso, ngakhale pang'ono, ngakhale limutsatire moyo wake wonse.

Kutacha anadzera kwa mkulu wake, matope ali m'mawondo. Wodwalayo ataona matopewo anamwetulira.

"Wapitako! Tandiuza, takula bwanji?"

Injiniya anayang'ana manja ake. Kenako anakweza zala ziwiri, nazitalikitsa pang'onopang'ono.

"Chonchi, achimwene."

"Eee! Msanga chonchi?" Mkuluyo anatseka maso, misozi ikutsikira m'makutu. "Ndiye chaka chamawa undinyamule, ndikatione tikubwera kudzaikira."